Khadi la Sikelo la Ezron

"Ndati bweretsa khadilo kuno, Linah! Kodi ku Lusakako anakuphunzitsa kupisa m'zikwama za anthu?"

A Bornwell Nyirenda anali ataima pakati pa bwalo, dzanja atalitambasula, chipewa chitapendekeka. Mwana wawo wamkazi anali pakhonde, ndipo khadi limene ankalimbiranalo linali m'manja mwake. Analipeza m'chikwama cha timu pomwe ankafunafuna pampu ya njinga. Linali khadi la sikelo, lija amayi amanyamula popita ndi khanda kuchipatala, lakale, lofewa ngati nsanza. Pamwamba panalembedwa kuti Ezron Nyirenda, wobadwa mu Malichi 1978. Koma pakona pake panali patamatidwa chithunzi chatsopano cha Haswell, mlongo wake wa Linah, munthu wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wa mkazi ndi mwana.

"Adada, Ezron tinamuika m'manda ali ndi zaka zitatu. Khadi lake likutani m'chikwama cha mpira?"

"Tsitsa mawu iwe! Amako ali padimba pompa."

"Ndiye kuti amama sakudziwa?"

"Adziwe kuti zitani? Lakhala m'sutukesi mwawo zaka zonsezi likudyedwa ndi njenjete. Ine ndangolibwereka. Chikho chikatha ndilibwezera pomwe linali."

"Mwabwereka mwana wakufa, adada."

"Ndabwereka pepala! Pepala, Linah!"

"Chikho ichi ndi cha anyamata osafika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. A Haswell ali ndi mwana woyenda. M'mudzi muno aliyense amawaitana kuti bambo a Eness."

"M'mudzi, enya. Pabwalo ndi Mphenzi. Unamvapo wina akufuula dzina lina pabwalo? Mlamu wako ndinamuuza kale kuti tsiku la mpira azikhala pakhomo ndi mwanayo. Zonse ndinaziganiza, usandione chipewachi."

Abale, tisawaseke msanga a Nyirenda. Chaka chimenecho cha 1994 mpira unali utazunguza mitu ya anthu m'Lundazi monse. Timu ya dziko inali itafika fainolo ku Tunisia, ndipo mbiri inali ponseponse yoti makalabu a ku Kopala, kumigodi kuja, akuyenda m'maboma kusaka anyamata atsopano. Ogula mtedza a pamsika wa Lundazi anagwirizana n'kuyambitsa Chikho cha Mtedza, ndipo mudzi uliwonse wokhala ndi kachigwa unapala udzu n'kudzika mitengo ya zigoli. A Nyirenda, amene moyo wawo wonse ankadziwika ndi fodya, anadzuka tsiku lina ali kochi. Anagula wezulo, timu n'kuitcha Njuchi za Kaluwe, potengera dzina la mudzi wawo. Ndipo njuchizo zinkalumadi, makamaka chifukwa cha Haswell.

Linah naye ankadya za mpira womwewo, koma njira yake inali ina. Ku Lusaka ankachita digiri ya zamasewera, chaka chachitatu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankagwira ganyu ku kalabu ina yolemba mayina a osewera. Patchuthi chachitalichi aphunzitsi anawauza kuti aliyense akapeze ntchito yeniyeni ya zamasewera kwawo, pobwerera abwere ndi kalata ya bwana wake. Wopanda kalatayo asalote za chaka chomaliza. Iye anapeza malo kwa a Conrad Zimba, oyendetsa Chikho cha Mtedza. Ntchito yake inali kuona makhadi a osewera mpira usanayambe, kusaina kuti zaka ndi zoona, kenako kugwira mbendera ya layinzimani. Mpaka tsikuli ankamutumiza kumipira ya kutali, cha kunjira ya ku Lukusuzi. Makhadi a Njuchi ankaona ndi mphunzitsi wina wopuma, amene ankasaina magalasi atawasiya kunyumba.

"Titamva kuti mwana wathu ndiye wagwira cholembera tinati Mulungu watikumbukira," anatero a Nyirenda. "Osadziwa kuti tabereka wapolisi."

"Likadzafika patebulo panga, sindidzasaina."

A Nyirenda anayandikira, mawu atatsika. "Mvetsera, mwana wane. Ezron anabwera, anatiseketsa zaka zitatu, chikuku chinamutenga. Sanalime mzere, sanaone sukulu. Ukuyesa ine sindimukumbuka? Ndinamunyamula ndekha kuchoka kuchipatala. Lero wapeza mpata woti athandize mkulu wake, iwe ukuti yayi. Haswell akapanda kuonedwa chaka chino, basi, adzafera m'munda wa fodya ngati ine."

Linah anaona kuti maso a bambo ake anali atafiira. Iwo anapezerapo mpata, anatsomphola khadilo n'kulilowetsa m'thumba la shati. Nthawi yomweyo a Faides, mayi a Linah, amene amuna awo ankawaitana kuti NyaMtonga, anatulukira kuseri kwa nkhokwe atasenza beseni la mpiru.

"Phokoso lamveka mpaka kudimba. Mukukangana chiyani?"

"Zampira, NyaMtonga."

"Aaa, nyumba ino yatha ndi mpira," anaseka mayiwo. "Linah, tanditula."

Patapita masabata awiri Njuchi zinasewera semifainolo. Linah anali kwina ndi mbendera yake, ndipo pobwera madzulo dzuwa lisanalowe anamva phokoso adakali pamlatho. Ng'oma, mabeseni, mabelu a njinga, agalu nawo akuuwa osadziwa chomwe akuuwira. Atafika anapeza mudzi wonse uli pamsewu. Haswell anali m'mwamba, pamapewa a anthu, jezi itang'ambika paphewa, akuseka mano onse kunja.

"Zitatu! Zitatu yekha! Mphenzi!"

"Chachitatucho goloboyi anangomva ukonde ukulira!"

"Ukonde uti, kulibe ukonde kuja! Anamva chimanga chikuthyoka kumbuyo kwake!"

Musaganize kuti Linah anaima pambali ngati mlendo. Anaponya njinga m'udzu n'kulowa m'gulemo, fumbi koboo, mpaka anataya nsapato imodzi. Mpira ankaukonda kuyambira ali kamtsikana, ndipo ankadziwa, kuposa onse ovinawo, kuti mlongo wakeyo anali katswiri weniweni. Ku Lusaka anaonapo osewera otchuka amene sakanamuchotsa Haswell mpira kuphazi. Anavina ndi mtima wonse, ndipo atatopa n'kukhala pansi, za khadi zija zinamubwerera.

M'mawa mwake anamupeza Haswell kuseri kwa chigafa cha fodya, kagalasi kosweka atakakoleka pamtengo, akumeta ndevu ndi lezala.

"Mwameta dzulo lomweli, bambo a Eness."

"Usanditchule choncho mwezi uno," anatero Haswell osatembenuka. "Zimamera ngati udzu wa m'dimba. Tsiku la mpira ndimameta kawiri."

"Simuchita mantha?"

"Mantha a chiyani? Onse akutero. Ukuyesa kuti amene ndinkalimbana nawo dzulo aja ndi ana? Wina anali ndi dazi."

"Sindikunena za kugwidwa. Ndikunena za kuyankha dzina la Ezron."

Lezala inaima pachibwano. Haswell anaitsuka m'kapu.

"Tsiku loyamba zinandivuta," anatero. "Mdala woona makhadi uja anati, 'Ezron ndiwe?' ine ndinangogwedeza mutu. Ndinasewera zachabechabe tsiku limenelo. Koma munthu umazolowera." Anatembenuka, sopo ali tsaya limodzi. "Iwe, Linah, unapita kusukulu. Uli ndi mabuku, uli ndi ganyu ku Lusaka, mawa udzavala suti uzidzayendetsa mpira wa dziko. Ine ndili ndi miyendo iwiriyi basi. Pamene ndinali ndi zaka zoyenera kunalibe chikho, kunalibe wobwera kudzationa. Lero abwera, akuti akufuna ana. Ndiye ine ndilakwa chiyani, kubadwa msanga?"

"Nanga anawo, enieniwo? Aja amangoonerera kunja kwa mzere? Akadzafika msinkhu wanu nawonso adzafukula makhadi a abale awo?"

"Zimenezo ukalembe pamayeso ako. Ine ndikungokupempha chinthu chimodzi. Ukapatsidwa fainolo, yang'ana chithunzi, yang'ana ine, saina. Si ine amene ndili pachithunzipo?"

Linah anachokapo. Mumtima ankangopemphera kuti fainolo aipereke kwa mdala wa magalasi uja.

Pemphero limenelo silinapite patali. Lachitatu anapalasa njinga kupita ku boma, kukachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika, komwe a Zimba ankati ndi ofesi ya chikho. Anawapeza akumwetulira okha.

"Monile, a Zimba."

"Monile, mwana wa sukulu! Lowa, lowa, udzaone chinthu!"

Pansi pa tebulo anatulutsa chimkuzamawu chachikulu cha mabatire, chimene anabwereka kwa alaliki ena a msonkhano wa chitsitsimutso. Anachiyatsa n'kutsokomoleramo, ndipo amayi ogulitsa tomato panja anakuwa.

"Wamva? Pa fainolo zonong'onezana patebulo kulibe. Udzaima pakati pa bwalo, iweyo, ndi chinthu ichi. Udzaitana dzina ndi zaka, mnyamata adzakweza dzanja, iwe n'kusaina anthu onse akuona. Ngati pa wailesi! Kukubwera mlendo wa ku Kopala. Adzaone kuti ku Lundazi sitili kutchire, tili ndi mtsikana wa digiri."

"A Zimba, pali khadi limodzi la Njuchi lomwe si la mwini wake."

A Zimba anaika chimkuzamawu patebulo, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Limodzi? Mwana iwe, ukanati pali limodzi loona ndikanadabwa. Goloboyi wa Akambuku a Msekeni, amene mukakumane nawowo, ndinavina paukwati wake ine."

"Za enawo sindingatsimikize. Ili ndikulidziwa. Ndinali pamaliro a mwini wake."

Kuseka kunatha. A Zimba anatseka chitseko ndi phazi.

"Ndikudziwa amene ukunena. Ukudziwa kuti mlendoyo akubwerera ndani ulendo wonsewu? Ukudziwa kuti anthu adzadzaza bwalo chifukwa cha ndani? Sadzabwera kudzaona cholembera chako. Ntchito ino, mwana wanga, ili ndi zimene amaphunzitsa kukoleji ndi zimene umaphunzira pabwalo. Pabwalo timaphunzira kuti maso asamaone kwambiri." Anatsegula kabati n'kuonetsa pepala loyera. "Kalata yako ija sindinailembe. Ndidzailemba Lolemba, fainolo ikayenda bwino. Ndili ndi mawu okoma kwambiri amene ndakusungira."

Pobwerera Linah anapalasa njinga ngati wanyamula matumba a chimanga. Zaka zitatu za kukoleji, maganyu onse aja a Loweruka anzake akupuma, zonse zinali zitatsamira pa kalata imodzi. Anadziuza kuti ndi dzina chabe, adzalitchula mwachangu. Mwayi wake, anaganiza choncho, unali woti mayi ake mpira sankapita.

Lachisanu masana anali pamphasa ndi mayi akewo, akuswa mtedza. A Faides ankangomwetulira, kenako analephera kupirira. Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka atadzikulunga chitenje chatsopano cha mizere yachikasu ndi yakuda.

"Waona? Njuchi yeniyeni! Tagula amayi tonse a m'kwaya. Nyimbo taphunzira zinayi, ina ndapeka ndine."

"Mukupita kuti, amama?"

"Ku boma, nanga kuti? Mawa ndikukwera lole. Ine mpira sindinauonepo chibadwire, ndimangomva anthu akukuwa. Koma mawa ana anga awiri pabwalo limodzi, wina akuthamanga, wina akulankhula pa chinthu cha alaliki chija? Ndikhale pakhomo ndikuyang'ana nkhuku? Yayi!"

"Lole idzadzaza, amama. Fumbi, dzuwa, miyendo yanu ija..."

"Nanga ndine dzira? Ndidzaima kutsogolo kwenikweni. Ukadzangotchula mwana wanga, nthungululu yanga idzamveka mpaka ku Chipata."

Anavina pang'ono pomwepo, mtedza ukuphwanyika kumapazi. Linah anali asanawaonepo mayi ake akusangalala chonchi. Anatsegula pakamwa.

"Amama, m'sutukesi mwanu muja..."

"Mwatani?"

Nkhope ya mayi ake inali ikuwala, thukuta pamphuno. Linah anayang'ana pansi. "Ndimati mundibwereke duku la mawa."

"Tenga lobiriwira lija, limakukhala."

Linah anawapeza bambo ake kuseri akupopa mpira. "Adada, amama akubwera mawa. Dzina lija lidzatchulidwa pa chimkuzamawu, bwalo lonse likumva."

A Nyirenda anasiya kupopa. Anakanda m'mutu, pansi pa chipewa. Zimenezi sanaziganize, iwo amene anati anaganiza zonse. Koma munthu amene fainolo ili mawa samva zambiri.

"Ng'oma zidzaphimba," anatero. "Ndiwauza anyamata a ng'oma kuti ukafika pa nambala naini aziombe mwamphamvu. Iwe ulitchule motsitsa, mwachangu. Amako adzangomva Nyirenda."

Loweruka lole ya Kaluwe inanyamuka itapendekera mbali imodzi. Anthu anali pamwamba pa anzawo, ng'oma pamwamba pa anthu, ndipo otsala ankaitsatira panjinga, atatu atatu. Amayi a zitenje za njuchi anaimba njira yonse, a Faides akutsogolera, mawu atasasa kale asanafike. Pa boma kunali kosapondeka. Masitolo ena anatseka. Anthu anakwera m'mitengo, pazulu, padenga la minibasi ya ku Chipata imene inasowa okwera tsiku limenelo. Ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa katundu anawathera mpira usanayambe. Pakati, pansi pa ambulera, pampando wobwereka, panakhala mlendo wa ku Kopala, magalasi akuda, kabuku pabondo. Aliyense wodutsa pafupi naye ankayenda mothamangathamanga, ngakhale madala, kuti mwina n'kuonedwa.

Linah analowa m'bwalo atavala duku lobiriwira, makhadi kudzanja lamanzere, chimkuzamawu kumanja. Anthu anakuwa pomuona. Ngakhale anali ndi mantha, anamva kukoma. Iyi ndiyo ntchito imene ankailota, bwalo lodzaza, iye ali pakati. Matimu awiri anandanda kutsogolo kwake. Ng'oma za Kaluwe zinkagunda mpaka m'chifuwa.

Apo a Zimba anathamangira pakati, manja m'mwamba. "Ng'oma zileke! Zileke! Tabwereka chinthu ichi kuti chimveke. Woomba ng'oma mayina asanathe, timu yake ndiichotsa!"

Bwalo linati zii. Linah anaona bambo ake kumzere atagwira wezulo pakamwa osaiimba.

Anayamba ndi Akambuku. Atatchula dzina loyamba, mnyamata anakweza dzanja, ndipo kuchokera m'gulu mayi wina analiza nthungululu yekha, yaitali. Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Dzina lachiwiri, mayi wina. Palibe anakonza zimenezo, zinangoyamba zokha, ndipo zinakoma. Dzina lililonse linkapeza mayi wake, wina pachulu, wina kuseri kwa zigoli, aliyense akuyesetsa kuposa mnzake. Linah ankatchula, kusaina, kutchula, kusaina.

Anafika pa Njuchi. Khadi la nambala naini analibweza kumbuyo kwa anzake. Anatchula goloboyi, otchinga kumbuyo, apakati. Nthungululu zinkalira mbali ya Kaluwe, zitenje zachikasu zikudumpha. Makhadi ankachepa m'manja. Linatsala limodzi, lofewa lija.

Anakweza maso. Mayi ake anali kutsogolo kwenikweni, monga ananenera, phazi litaponda mzere wa laimu. Dzanja anali ataliika kale pakamwa, maso ali pa iye, akugwedeza mutu kuti tchula, mwanawe, tchula. Haswell anali chilili, chibwano chosalala chikutuluka timagazi, akuyang'ana udzu. A Zimba ankamwetulira kwa mlendo. Anthu anayamba kunong'ona, "Mphenzi, Mphenzi."

Linah anayang'ana dzina lija. Anayesa kulitchula mumtima kuti aone ngati lingatuluke, ndipo linakana. Anakweza chimkuzamawu.

"Nambala naini, Haswell Nyirenda."

Nthungululu ya a Faides inang'amba bwalo lonse. Anadumpha, chitenje chikumasuka, anzawo akuwagwira. Linah anadikira mpaka mpweya unawathera.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu. Alibe khadi lake. Sasewera."

Kenako bwalo linaphulika. Anthu a ku Msekeni anavina ngati agoletsa kale. A ku Kaluwe anadumpha mzere, makoko a nzimbe akuuluka.

"Wagulidwa!"

"Mlongo wake yemwe! Mfiti ya mtsikana!"

"Sukulu yamupengetsa!"

A Zimba anafika poyamba, n'kumulanda chimkuzamawu. Anachizimitsa asanalankhule. "Kalata ija uiwale," anatero mano atalumana. "Ukawauze aphunzitsi ako kuti unagwira ntchito kwa ndani, tione." Misozi ya Linah inabwera yokha, chifukwa ankadziwa kuti a Zimba sakunama. Cha ku ambulera mlendo uja anali atakhwatcha kale china m'kabuku kake, akufunsa woyandikana naye za nambala seveni wa Akambuku.

A Nyirenda anafika akupuma wefuwefu. "Watipha! Watipha pamaso pa boma lonse! Ndinakulakwira chiyani, Linah?"

Koma amene anagawa gulu pakati ndi a Faides. Anakankha amuna akuluakulu ngati mapesi, duku litagwa, maso akuyaka.

"Iwe mwana, wapenga? Mlongo wako! Ndaimba njira yonse kuti udzandichititse manyazi chonchi? Ngati ndi pepala lasowa, sukanalemba lina? Yankha!"

Linah anagwada pafumbipo, n'kupereka khadi lija ndi manja awiri.

A Faides sukulu analekera panjira, koma sanafunike kuwerenga. Atangoligwira anadziwa. Analitembenuza, n'kulitsegula mkati momwe anamwino ankalemba mzere wa kulemera kwa mwana, mzere umene unakwera, kukwera, kenako n'kutsika, n'kulekera pomwepo. Analitseka. Anayang'ana chithunzi cha pakona, anayang'ana Haswell. Amene anali pafupi anasiya kukuwa, pakuti nkhope ya mayiyo inali itasintha. Ndi chikhadabo anamatula chithunzicho pang'onopang'ono, kuti asang'ambe pepala, n'kumupatsa Haswell.

"Ichi ndi chako," anatero.

Kenako anatembenukira kwa amuna awo. Sanakweze mawu.

"A Nyirenda, tandiuzani. Mwanayu akanamuitana Ezron pa chinthu icho, mayi aliyense akuyankhira wake, ine ndikanatani? Ndikanaliza nthungululu, kapena ndikanalira maliro?"

A Nyirenda anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

Refa anali akuloza wotchi, anthu a m'mitengo amene sanamve kalikonse ankafuula kuti mpira uyambe. A Zimba anasuzumira uku ndi uku kufuna wina wodziwa malamulo a ofusayidi, ndipo sanamupeze. Anaponya mbendera pamapazi a Linah. "Tola. Ugwire mbali ya anthu akwanu, akutukwane bwino." A Nyirenda anakokedwa ndi anyamata awo kuti akasankhe wolowa m'malo, ndipo anapita akupunthwa.

Linah anali adakagwada. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, osamwetulira, osakalipa.

"Dzuka," anatero. "Kagwire ntchito yako."

Iwo anakhala pansi pomwepo kunja kwa mzere, atafulatira bwalo, khadi atalipanikiza pachifuwa ndi manja onse. Haswell anavula jezi n'kuipereka kwa wolowa m'malo mwake. Anaima pang'ono ngati wosadziwa kolowera, kenako anadzakhala pafumbi pambali pa mayi ake, n'kuyamba kumasula zingwe za jombo. Linah anatola mbendera. Malo ake oimira anali masitepe ochepa kuchokera pomwe anakhala awiriwo, ndipo pakati pa matukwano onse a anthu a kwawo anamva mawu a mlongo wake, otsika, osweka.

"Amama, nkhope yake ndinaiiwala. Anali wotani?"

Wezulo inalira, mpira unayamba. A Faides sanacheuke.

"Ankakutolera mpira ukagwera m'chimanga," anatero. "Iwe unkamuthamangitsa, unkati ndi wamng'ono."